Phwiti, Njiwa ndi Maola 10,000

Mnyamata akamagoletsa zigoli sabata ndi sabata, anthu a pabwalo sasowa chonena. Ena amati ndi chibadwa, bambo akenso ankaumenya mpira. Ena amagwedeza mutu n'kunong'ona kuti pali agogo ena kumudzi amene anamutemera mphini m'miyendo. Ndi ochepa amene amatchula zoti mnyamatayo amadzuka tambala woyamba n'kukathamanga, anzake akadali m'mabulangete. Mphatso, mankhwala, khama: zitatuzi timazitchula pa woimba, pa mwana wokhoza masamu, ngakhale pa mayi amene geni yake ya mandasi yakula mpaka kutsegula golosale. Za mankhwala tizisiye pambali, ngakhale ndimaona kuti amene amazinena kawirikawiri ndi uja sanaone nawo ntchito imene inagwiridwa kuseri. Mkangano weniweni uli pa ziwiri zotsalazo, ndipo akatswiri ofufuza za maganizo a munthu alimbana nawo kwa zaka zoposa 30, manambala ali m'manja.

Makolo athu anagamula kale. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Mwambiwu ndi wokoma, ndipo aphunzitsi amaukonda pa asembule mayeso akayandikira. Koma mwambi sunena kuti ndi aphwiti angati amene anakafunsira njiwa n'kubwerako chimanjamanja.

Mu 1993 katswiri wa ku Sweden, K. Anders Ericsson, pamodzi ndi Ralf Krampe ndi Clemens Tesch-Römer, anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa sukulu yaukachenjede ya zoimbaimba mumzinda wa Berlin. Anatenga ophunzira 30 oimba vayolini, choimbira cha zingwe zinayi chimene amachikhwekhweza ndi kauta ngati kaligo wathu, n'kuwaika m'magulu atatu. Gulu loyamba linali la amene aphunzitsi ankaona kuti angadzatchuke dziko lonse, lachiwiri la oimba bwino koma osafika pamenepo, lachitatu la amene ankakonzekera kukaphunzitsa nyimbo m'masukulu. Aliyense anafunsidwa kuti akumbukire maola amene ankayeserera payekha kuyambira ali mwana, ndipo analembanso zochita zake zonse kwa sabata yathunthu. Pofika zaka 18, a gulu loyamba anali atayeserera maola pafupifupi 7,400, a gulu lachiwiri 5,300, a gulu lachitatu 3,400. Pofika zaka 20, a gulu loyamba aja anali pa maola pafupifupi 10,000. Panalinso kanthu kena kamene ambiri sakatchula. Oimba a magulu awiri apamwambawo sankayeserera tsiku lonse ayi, koma maola atatu ndi theka, mopumira, ndipo ankagona masana kuposa anzawo. Ntchitoyo inkatopetsa mutu mpaka thupi kupempha tulo.

Kafukufukuyu akanangokhala m'mashelefu a mayunivesite pakanapanda mtolankhani Malcolm Gladwell, amene mu 2008 anatulutsa buku lotchedwa Outliers. Nambala ija anaisandutsa lamulo: ukafuna ukatswiri, pereka maola 10,000. Anatchula gulu loimba la Beatles, limene linkachezera kuimba m'mabala a ku Hamburg pakati pa 1960 ndi 1962 lisanatchuke. Nambalayo inafalikira ngati moto wolusa m'chilimwe, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Imalonjeza kuti ukatswiri uli ndi mtengo wodziwika ngati thumba la feteleza: maola atatu patsiku kwa zaka pafupifupi 10, basi wagula.

Ericsson sanakondwe nazo, ndipo mpaka imfa yake mu 2020 ankabwereza kuti lamulo lotero kulibe. Nambala ya 10,000 inali avereji chabe. Theka la oimba a gulu loyamba anali asanafikepo pamene ankakwanitsa zaka 20, ndiponso pa msinkhu umenewo anali akadali ophunzira. Koma chimene chinkamuwawa kwambiri chinali chakuti anthu ankawerenga maola n'kuiwala zimene zinkachitika m'maolawo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Tonse timamudziwa dalaivala wa minibasi amene wakhala pa chiwongolero zaka 20 koma amakhotabe pa mphambano monga ankachitira chaka chake choyamba. Timamudziwa munthu amene waphika nsima moyo wake wonse koma imatulukabe ya mibulu. Maola ali nawo, oposa 10,000. Kungoti atafika poti ntchito ikutheka, manja anayamba kuyenda okha, mutu n'kupita kwina. Kubwereza chimene umachidziwa kale kumangokhwimitsa chizolowezi, chabwino kaya choipa. Kuyeserera kumene Ericsson ankanena n'kwina. Munthu amasankha malo amodzi pamene amalephera, kaya ndi kachidutswa ka nyimbo pamene chala chimaterereka, kaya ndi kumenya mpira ndi mwendo wamanzere, n'kukakamira pomwepo. Pambali pake pamakhala wodziwa amene amamuuza nthawi yomweyo kuti apa walakwa, ndipo walakwa motere. Akakonza, mphunzitsiyo amakweza chingwe pang'ono. Si zokoma. Woimba gitala amene amakhala pakhonde madzulo n'kumaimba nyimbo zimene amazitha akusangalala, ndipo palibe cholakwa, koma sakukula. Amene akukula ndi uja anansi atopa naye chifukwa wabwereza kachidutswa kamodzimodzi maulendo 50.

Kuyeserera kotereku kuli ndi mphamvu yodabwitsa, tisakuchepetse. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America, Ericsson ndi William Chase anatenga wophunzira wamba, Steve Faloon, n'kumamuwerengera manambala osakanikirana, imodzi pa sekondi iliyonse, kuti awabwereze. Ambirife timasunga manambala pafupifupi 7, ndipo Faloon anayambira pomwepo. Akakhoza ankamuwonjezera nambala imodzi, akalakwa ankamuchotserako, kotero kuti nthawi zonse ankakhala m'malire a mphamvu zake. Patatha zaka pafupifupi ziwiri ankabwereza manambala 82. Chinsinsi chake? Iye anali wothamanga, ndiye anayamba kuona manambalawo ngati nthawi za mipikisano: 3, 4, 9, 2 ankaisunga ngati mphindi 3 ndi masekondi 49.2, nthawi ya katswiri wothamanga mailo imodzi. Koma tamvani izi. Atamuyesa ndi zilembo m'malo mwa manambala, anabwerera pa 6. Luso limene anamanga linali la manambala basi, silinasefukire kwina.

Ndiye pali banja la Polgár la ku Budapest, m'dziko la Hungary. László Polgár ankakhulupirira kuti katswiri sabadwa koma amachita kuleredwa, ndipo anaganiza zotsimikiza mfundoyi pa ana ake enieni. Iye ndi mkazi wake Klára ankaphunzitsa ana awo aakazi atatu, Susan, Sofia ndi Judit, pakhomo pomwepo, ndipo tsiku lililonse maola ambiri ankathera pa tchesi. Susan anadzakhala katswiri wa amayi padziko lonse mu 1996. Judit analandira udindo wa grandmaster mu 1991 ali ndi zaka 15, wamng'ono kuposa mmene Bobby Fischer analili poulandira, ndipo mu 2005 anali pa nambala 8 mwa osewera onse a padziko, amuna ndi akazi omwe. Okhulupirira khama amaikonda nkhaniyi. Ine ndimaonamonso china. Nyumba inali imodzi, bambo mmodzi, maphunziro amodzi, koma atsikana atatuwo sanafike pamodzi. Judit anawasiya kutali akulu ake awiriwo.

Tchesi yomweyo ndi imene imang'amba lamulo la maola 10,000. Mu 2007 Fernand Gobet ndi Guillermo Campitelli anafufuza osewera a ku Argentina n'kupeza kuti wina anafika pa mlingo wa master ndi maola ongopitirira 3,000, pamene wina anafunika oposa 23,000. Ena anali atadutsa 25,000 koma osafikabe. Kenako mu 2014 Brooke Macnamara, David Hambrick ndi Frederick Oswald anasonkhanitsa zofufuza 88 za m'mbuyomo n'kufunsa kuti, pa kusiyana konse kumene kulipo pakati pa ochita bwino ndi ochita moperewera, maola oyeserera angafotokoze gawo lalikulu bwanji? Pa masewera ngati tchesi anapeza magawo 26 pa 100, pa nyimbo 21, pa masewera olimbitsa thupi 18, pa maphunziro 4, ndipo pa ntchito zolembedwa sanakwane ngakhale gawo limodzi. Ericsson anayankha kuti ofufuzawa anaphatikiza kuyeserera kwamtundu uliwonse, ngakhale kongobwereza kuja, ndipo pamenepo mfundo anali nayo. Komabe mu 2019 Macnamara atabwereza kafukufuku wa vayolini uja, anapeza kuti oimba apamwamba kwambiri sanayeserere kuposa oimba bwino. Magulu awiriwo anangoposa lachitatu.

Nkhani imene imandizunguza mutu ndi ya amuna awiri a mpikisano wodumpha ndodo yopingasa m'mwamba. Stefan Holm wa ku Sweden anayamba ali kamwana, akuphunzitsidwa ndi bambo ake, ndipo anapereka zaka zoposa 20 ku masewera amodzi okhawa. Ndi wamfupi poyerekeza ndi anzake, mamita 1.81, koma anadumphapo mamita 2.40, ndipo mu 2004 anapata mendulo ya golide pa Olimpiki ya ku Athens. Ngati alipo phwiti amene anakwatira njiwa, ndi ameneyu. Donald Thomas wa ku Bahamas ankasewera basiketibolo pa koleji ina ku America. Mu Januwale 2006 anzake anamuderera kuti sangathe, iye n'kupita kukayesa atavala nsapato wamba, n'kudumpha mamita oposa awiri tsiku lomwelo. Mu Ogasiti 2007, patangotha chaka ndi theka, awiriwa anakumana pa mpikisano wa dziko lonse ku Osaka, m'dziko la Japan. Thomas anatenga golide ndi mamita 2.35. Holm anathera pa nambala 4. Atamupima Thomas anapeza kuti mtsempha wake wa kuchidendene ndi wautali modabwitsa, ndipo mtsempha umenewo umagwira ntchito ngati sipuling'i. Holm anachita kuulimbitsa wake ndi zaka za kudumpha. Thomas anabadwa nawo. Koma nkhaniyi ili ndi mchira. Pa zaka zonse zotsatira, akuphunzitsidwa ngati katswiri, Thomas anangowonjezera masentimita awiri okha, kufika pa 2.37 mu 2016, osafikabe pa 2.40 ya Holm.

Ngakhale mmene thupi limalandirira maphunziro zimasiyana. Pa kafukufuku wotchedwa HERITAGE, amene anatsogolera Claude Bouchard m'zaka za m'ma 1990, anthu pafupifupi 500 ochokera m'mabanja pafupifupi 100 a ku America ndi Canada anapalasa njinga zoima malo amodzi katatu pa sabata kwa masabata 20, onse mwa ndondomeko imodzi. Mphamvu ya thupi yogwiritsa ntchito mpweya inakwera kwambiri mwa ena, mwa ena siinasunthe n'komwe, ndipo kusiyanaku kunkayenda m'mabanja. Apa ndi pamene ndimaona kuti funso loti mphatso kapena khama linafunsidwa molakwika. Nthawi zambiri mphatso siioneka munthu asanayambe ntchito. Imaonekera pa changu chimene thukuta lake limabalira zipatso. Alimi amazidziwa izi: feteleza yemweyo, mvula yomweyo, koma munda wa kudambo ndi wa pamchenga sikolola mofanana. Nayonso nthaka yachonde ikapanda khasu imabala udzu.

Aphwiti obwerako chimanjamanja aja sitimva mbiri zawo, chifukwa olemba mabuku amakafunsa opambana okha. Koma mmodzi anadzilemba yekha. Dan McLaughlin, wojambula zithunzi wa ku Portland ku America, anasiya ntchito mu 2010 ali ndi zaka 30 kuti ayese lamulo lija pa gofu, masewera amene anali asanawadziwe. Anapeza mphunzitsi, ndipo ankalemba ola lililonse. Anafika poposa unyinji wa anthu osewera gofu mongosangalala, koma mu 2015, atangodutsa maola 6,000, msana unakana. Anasiya ali kutali ndi akatswiri amene ankafuna kukapikisana nawo.

Nanga n'chifukwa chiyani kuyeserera kumalemera pa tchesi koma kumapepuka pa ntchito zina? Taganizani za wosewera bawo patsinde pa mango. Malamulo sasintha, ndipo akasuntha molakwika chilango chimabwera mphindi yomweyo, mnzake akumudya. Patsiku akhoza kusewera ka 20, n'kuphunzira ka 20. Tsono taganizani za mlimi wa chimanga chodalira mvula. Mayeso ake amabwera kamodzi pa chaka. Akalima zaka 40 ndiye kuti wayesa ka 40 kokha, ndipo yankho lililonse ndi losokonezeka: chaka chimene anachita zonse bwino kunagwa ng'amba, chaka chimene anachedwa kubzala mvula inamukomera. Wabizinezi, mtsogoleri, ngakhale kholo lolera ana ali m'gulu la mlimiyu. Kumeneko khama limafunikabe, koma silibweza chenji mwachilungamo ngati pa bawo.

Pali funso lina limene kwa ine ndi lalikulu kuposa onsewa, koma limadumphidwa kawirikawiri: maolawo amalipira ndani? Ophunzira a ku Berlin aja anayamba ali ndi zaka pafupifupi 8. Wina anawagulira vayolini, wina analipira mphunzitsi, wina anaphika chakudya iwo akuyeserera. Bill Gates anapeza kompyuta yophunzirira mu 1968, ali ndi zaka 13, pa sukulu ya Lakeside ku Seattle, nthawi imene ana a msinkhu wake pafupifupi onse anali asanaionepo. Kunena chilungamo, Gladwell analemba zambiri za mwayi umenewu, koma owerenga anatola nambala yokha. Mtsikana amene amayamba tsiku ndi ndowa pamutu, n'kuweruka kusukulu kukapeza nkhuni, mbale ndi mwana wobereka zikumudikira, amagwira ntchito maola ochuluka kuposa woimba vayolini aliyense. Khama sakulisowa. Chimene akusowa ndi maola akeake, ndi munthu womuuza kuti apa walakwa motere. Kumuuza mwana ameneyu kuti kanthu n'khama basi ndi kumunamiza, ndiponso ndi kumuimba mlandu umene sanapalamule.

Mwa Eliud Kipchoge wa ku Kenya zonsezi zimakumana. Kwa zaka zambiri wakhala ku kampu ya Kaptagat, kutali ndi banja lake masiku ambiri a sabata, akuthamanga makilomita oposa 200 pa sabata, akulemba maphunziro ake onse m'makope, akutsukanso zimbudzi tsiku lake likafika. Pa 12 Okutobala 2019, pa liwiro lokonzedwa mwapadera ku Vienna, anathamanga makilomita 42.195 mu ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40, ndipo mu 2022 ku Berlin anamaliza mpikisano weniweni pa 2:01:09. Khama ndi limenelo. Koma anabadwira kudera lokwera la Nandi, kumene kuthamanga ndi ntchito yodziwika, ndipo kwawo komweko kunali Patrick Sang, amene anapata mendulo ya siliva pa Olimpiki ya 1992, n'kuvomera kumulembera ndondomeko ya maphunziro ali mnyamata. Anyamata ambirimbiri a ku Kaptagat ndi ku Iten amadzuka nthawi yomweyo n'kuthamanga misewu yafumbi yomweyo, koma mayina awo sitidzawamva. Pamwamba penipeni aliyense ndi wakhama, ndiye khama silingakhalenso chowasiyanitsa. Lili ngati tikiti yolowera m'bwalo, osati chikho. Nthawi ya ku Berlin ija inapitiriridwa mu 2023 ku Chicago ndi Kelvin Kiptum, mnyamata wa zaka 23, amene anamaliza pa 2:00:35. Unali mpikisano wake wachitatu chabe pa mtunda umenewu.

Kwathu kuno nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu imakambidwa ngati ya khama lokhalokha, ndipo khama linalipodi. Atasiya sukulu ya sekondale posowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, ankapita ku kalaibulale kakang'ono n'kumayang'anitsitsa zithunzi za m'mabuku a sayansi, olembedwa m'Chingerezi chimene sankachimva bwino, mpaka anamanga makina amphepo opanga magetsi ndi mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi zotola kudzala, anthu akumunena kuti wapenga. Koma kalaibulale kaja kanaikidwa ndi winawake. Ndipo makinawo anazungulira zaka zinayi dziko osadziwa, mpaka mu 2006 pamene alendo ndi atolankhani anafika. Kenako kunabwera ulendo wokakamba za makinawo ku Arusha mu 2007, kenako sukulu, mpaka digiri ya ku Dartmouth College mu 2014. Chotsani laibulale, kapena chotsani alendo aja, William akanakhalabe wanzeru ndi wakhama yemweyo, ife osamudziwa.

Anthu amakonda kusankha mbali chifukwa mbali iliyonse ili ndi mthunzi wousamo. Wonena kuti zonse ndi mphatso wapeza chifukwa chosayesera: masamu si akwathu, ife mutu wake tilibe. Ameneyu akudzimana yekha, chifukwa pa kusoka, ukalipentala, kulemba, kuwerengera ndalama, munthu wamba woyeserera moyenera amafika patali kuposa pamene iye mwini ankaganizira, monga anachitira Faloon, ndipo ambirife malire athu sitinawayandikire n'komwe. Wonena kuti zonse ndi khama nthawi zambiri amakhala amene zinamuyendera, ndipo mawuwo amamuthandiza kuiwala amalume amene analipira fizi.

Luso likakwana, kutchuka nakonso kumayendera nthawi yakeyake. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu anabadwa mu 1930, ndipo aimba kuyambira ali mnyamata. Maola awo palibe anawalemba m'kope. Amalawi tinkawadziwa Agide, tinkavina nyimbo zawo, koma maiko akunja anawadziwa kwambiri ali ndi zaka zoposa 90, pamene nyimbo ya Linny Hoo, imene anaijambulanso ndi Patience Namadingo mu 2020, inafalikira pa TikTok n'kuonedwa maulendo mamiliyoni ambirimbiri. Mawu anali omwewo, kungoti okalamba kuposa kale. Atolankhani atapita kwawo kumayambiriro kwa 2022, anapeza kuti mwini nyimboyo alibe foni yoti n'kutsegulira TikTok. Za kutchuka kwawo ankangoona pa mafoni a achinyamata amene ankabwera kudzawaonetsa.